Mau 650 ofunsila malo ku America: mwana wathu akambe ciani za cikhulupililo cake ndi za cimene iye ali?

October ndi mwezi wa dzuŵa, ndipo kwa ana athu a Giledi 12 ndi mwezi wa mayeso. Koma m'nyumba zina za Akhristu a mipingo yathu muli mayeso ena amene salembedwa m'kalasi. Magetsi akabwela usiku, mwana amatenga foni kapena kompyuta yobweleka, n'kuyamba kulemba nkhani yaifupi yokamba za iye mwini, yoti aitumize ku makoleji a ku United States pamodzi ndi mafomu ofunsila malo. Ena mwa ana amenewa anatsiliza sukulu caka catha ndipo akhala pakhomo kuyembekezela. Makoleji ambili kumeneko amaleka kulandila mafomu a ofunsila msanga pa 1 November, ndipo a otsala amawalandila mpaka kuciyambi kwa January. Nthawi yacepa.

Pa milungu yapitayi abusa ndi atsogoleli a acinyamata atiuza mafunso amene akumana nao. Mnyamata amafunsa kuti, "Abusa, ngati ndalemba kuti ndine Mkhristu ndipo ndakulila m'kwaya, kodi sadzandiona monga munthu wotsalila?" Mtsikana amakamba kuti wina anamulangiza kulemba za kuvutika kwa mwana wamkazi mu Africa, ati oŵelenga kumeneko amamva cifundo ndi nkhani zotele. Funso lina kaŵilikaŵili silifika n'komwe pakhomo la abusa, cifukwa mwana amacita nalo manyazi. Fomu imamufunsa mmene amadzionela, kaya ndi mwamuna, mkazi kapena mwina, ndipo iye sadziŵa kuti ayankhe bwanji.

Tinasanthula nkhaniyi mu 2025, ndipo maganizo athu ndi awa. Dzina limene mwana angadziche nalo, la cipembedzo kapena la umuna ndi ukazi, palokha silingamupezele malo. Oŵelenga amafuna kuona zimene mwanayo anacita ndi zimene anaphunzilapo. Ndiponso pepala limeneli likacoka m'manja mwake limayenda mtunda wautali kuposa mmene iye aganizila. Conco afunika kulembapo zoona zokhazokha, zimene angathe kuima nazo pamaso pa oŵelenga a ku America ndi pamaso pa amai ake omwe.

Nkhani imeneyi ndi yotani?

Makolo ambili amadabwa cifukwa kuno kwathu zinthu siziyenda conco. Pa University of Zambia kapena pa Copperbelt University, cimene cimatsegula citseko ndi mapointi a Giledi 12. Palibe amene amauza mwana kuti afotokoze za mumtima mwake. Ku America makoleji opitilila 1,000 amagwilitsila nchito fomu imodzi ya pa intaneti yochedwa Common App, imene imatsegulidwa pa 1 August caka ciliconse. M'fomuyo muli malo olembapo nkhani ya mau osacepela 250 ndi osapitilila 650. Wofunsila amasankha mutu umodzi pa mitu 7, ndipo woyamba umamupempha kukamba za kumene anacokela, za cimene iye ali, kapena za luso lake, ngati aona kuti popanda zimenezo oŵelenga sangamudziŵe bwino. Apa ndiye pamaloŵela cikhulupililo ndi nkhani ya umuna ndi ukazi.

Ana ambili amaiŵala kuti nkhani yaikuluyi ndi imodzi cabe. Mwana angasankhe makoleji ofika 20, ndipo ngati sanaisinthe, onsewo amalandila nkhani imodzimodziyo. Imene yapita ku koleji ya mpingo ndi imenenso yapita ku yunivesiti ya boma. Kuwonjezela apo, makoleji ambili ali ndi mafunso aoao aafupi, ndipo ndi m'mayankho amenewo mmene mwana angakambe zoyenelana ndi sukulu iliyonse payokha.

Mbili imene tiyenela kuidziŵa

Mantha a ana athu ali ndi pocokela, pakuti mbili ya nkhani yodzifotokozayi ili ndi banga. Harvard inayamba mu 1636, Yale mu 1701, ndipo Princeton mu 1746. Onse atatu anayambitsidwa ndi Apulotesitanti, ndipo cimodzi mwa zolinga zao cinali kuphunzitsa abusa. Kwa zaka zambili, wopambana mayeso oloŵela anali kulandilidwa popanda mafunso ena. Koma pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1920, ana a Ayuda amene anasamukila ku America kucokela kum'maŵa kwa Europe anali kupambana mayesowo mwaunyinji, ndipo atsogoleli a masukuluwa sanakondwe. Mtsogoleli wa Harvard pa nthawiyo, A. Lawrence Lowell, anafuna kuika malile a ciŵelengelo ca Ayuda. Maganizo akewo atatsutsidwa poyela, masukuluwa anapeza njila yobisika. Anayamba kufunsa za cipembedzo ndi za makolo a wofunsila, kupempha zithunzi, makalata a aphunzitsi ndi nkhani yodzifotokoza, ati pofuna kupima khalidwe. Ciŵelengelo ca Ayuda cinatsika. Katswili wina, Jerome Karabel, anafotokoza mbili imeneyi m'buku lake la mu 2005 lochedwa The Chosen.

Apa pali mfundo yowawa imene tiyenela kuivomeleza. Amene anacita zimenezi anali anthu ochedwa ndi dzina la cikhulupililo cathu. Pamene tiopa kuti ana athu angapeputsidwe cifukwa ca cikhristu, tikumbukile kuti cida cimeneci Apulotesitanti ndiwo anayamba kucigwilitsila nchito potsekela kunja ana a cipembedzo cina. Kudziŵa zimenezi kuyenela kutithandiza kukamba nkhaniyi modzicepetsa.

Zimene zasintha kuyambila mu 2023

Pa 29 June 2023, Khoti Lalikulu la United States linagamula milandu ya Harvard ndi University of North Carolina, ndi kuletsa makoleji kusankha ophunzila poyang'ana mtundu kapena khungu lao. Koma woweluza wamkulu, John Roberts, anasiya kakhomo kotsegula. Analemba kuti wofunsila angafotokoze mmene mtundu wake wakhudzila moyo wake, malinga ngati sukulu imuyamikila pa kulimba mtima kapena luso limene waonetsa iye monga munthu payekha. Cigamuloco cinali cokhudza mtundu, sicinakambe za cipembedzo kapena za umuna ndi ukazi. Ngakhale n'conco, cinasintha kafunsidwe ka makoleji. Ambili anaika mafunso atsopano opempha wofunsila kufotokoza kumene anakulila ndi anthu amene anamuumba, ndipo nkhani yodzifotokoza inakhala yolemela kuposa kale.

Mphepo inatembenukanso mu 2025. Pa tsiku limene analumbilitsidwa, pa 20 January, Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo lakuti boma la America lidzazindikila mwamuna ndi mkazi cabe. Pa 14 February unduna wa zamaphunzilo unalembela masukulu kalata yowacenjeza kuti asagwilitsile nchito nkhani zodzifotokoza monga njila yobisika yodziŵila mtundu wa wofunsila. Kalatayo inatsutsidwa m'makhoti, ndipo mu August woweluza wina ku Maryland anaithetsa mphamvu. Pa nthawi imodzimodziyo boma linali kulimbana ndi mayunivesiti akuluakulu, kuwaimba mlandu wakuti sanateteze ophunzila aciyuda pa zionetselo zokhudza nkhondo ya ku Gaza. Mu April linaimitsa ndalama za Harvard zopitilila madola 2 biliyoni, ndipo mu May linayesa kuiletsa kulandila ophunzila ocokela kunja, koma khoti linaimitsa ciletsoco. Mu July, Columbia University inavomela kulipila boma madola 200 miliyoni kuti mkangano wao uthe.

Conco mwana wa ku Katete kapena wa ku Matero amene ali kulemba mwezi uno, akalembela nyumba imene eni ake ali pa mkangano. Malangizo a msuweni amene anapita mu 2021 mwina lelo sagwilanso nchito. Ndipo amene alemba kuti akondweletse mphepo ya mwezi uno angapeze kuti pofika March, pamene mayankho ambili amatuluka, mphepoyo yaomba kwina.

Kodi alembe kuti ndi Mkhristu?

Inde, ngati cikhulupililo ndico cimafotokoza bwino munthu amene iye ali. Malamulo aakulu a America amateteza ufulu wa cipembedzo, ndipo yunivesiti ya boma siloledwa kukana munthu cifukwa ca kumene amapemphela. Koma mwana adziŵe kuti woŵelenga angakhale Mkhristu, Myuda, Msilamu, Mhindu kapena munthu wosapemphela n'komwe. Kuno kwathu, kucokela pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko lacikhristu, ndipo mauwo n'kuloŵa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996, tinazoloŵela kuti ngakhale msonkhano wa makolo kusukulu umayamba ndi pemphelo. Woŵelenga wa ku Boston alibe cizoloŵezi cimeneco. Mau amene ife timamva tanthauzo lao lonse tisanawatsilize, kwa iye angakhale mau cabe.

Tiyelekeze ana aŵili. Woyamba walemba kuti anabadwanso mwatsopano, amakonda Yesu, ndipo Mulungu ali ndi colinga ndi moyo wake. Zonsezi n'zoona, ndipo pa msonkhano wa acinyamata tingamuombele m'manja. Koma woŵelenga amene ali ndi mafomu mazana patebulo sanapeze ciliconse comusiyanitsa ndi wina. Waciŵili walemba za caka cimene anapatsidwa kalasi ya Sande Sukulu popanda buku ngakhale limodzi, n'kupeza kuti ana ambili a m'kalasiyo sadziŵa kuŵelenga. Wafotokoza mmene anayambila kuwaphunzitsa zilembo pa Ciŵelu masana, pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa chalichi, mmene kholo lina linamukalipila kuti acedwetsa mwana kukatunga madzi, ndi cimene cinamubwezanso pansi pa mtengo uja mlungu wotsatila. Nayenso wakamba za cikhulupililo cake, ndipo ngakhale woŵelenga wosapemphela waciona ndi maso.

Moyo wa mumpingo uli ndi nkhani zotele zambili, koma ana athu amaziona zacabecabe cifukwa anakula nazo. Wina anasunga ndalama za kwaya zaka ziŵili ndipo tsiku lina zinapelewela. Wina amamasulila ulaliki kucoka m'Cizungu kupita m'Cinyanja ndipo amadziŵa kuvuta kwa liu limene lilibe mnzake. Wina anagona kumalilo masiku atatu ali kuphika pamodzi ndi amai a cigwilizano. Pamenepo ndiye pali udindo ndi kupilila kumene makoleji amafunafuna. Ndipo ngati mwana walemba kuti atate ake atamwalila anakhala caka cathunthu osatha kupemphela, ife akulu tisamuuze kuti afafanize ndimeyo. Umboni umene uli ndi cilonda cake umamveka bwino kuposa wosalala.

Cimene nkhaniyi siyenela kukhala ndi guwa lolalikilapo. Koleji imafuna kudziŵa ngati mwanayo angagone m'cipinda cimodzi ndi munthu wosiyana naye maganizo. Kuyambila mu 2024, Harvard imafunsa wofunsila kuti afotokoze nthawi imene anatsutsana kwambili ndi munthu wina, ndi mmene anacitila. Mwana wa ku Chipata amene anakhala pa desiki imodzi ndi mnzake wacisilamu zaka zitatu, kapena amene anakangana ndi mnzake wa Sabata pa nkhani ya tsiku lopemphela koma ubwenzi wao sunathe, ali ndi yankho labwino kale. Safunika kusiya cimene amakhulupilila kuti ayankhe. Koma ngati nkhani yake yonse ndi yoweluza anthu ena kuti ndi otayika, woŵelenga adzaona kuti mwanayu sadzamvela munthu aliyense m'kalasi.

Makoleji a mipingo nao amasiyana. Wheaton College ku Illinois imafuna kuti wofunsila akambe poyela za cikhulupililo cake mwa Khristu ndi kuvomela pangano la khalidwe la pasukulupo. Calvin University ku Grand Rapids, imene ndi ya mpingo wa Christian Reformed, imaphunzitsa motsatila cikhulupililo ca mpingowo koma imalandila ophunzila a zipembedzo zina. Notre Dame ndi Georgetown ndi za Akatolika ndipo nazonso zimalandila anthu osiyanasiyana. Mwana aŵelenge zimene sukulu iliyonse imakamba za iyo yokha, ndipo asasaine pangano limene alibe mtima wolisunga.

Makolo ena amaopa kuti mwana akapanda kuchula za Mulungu ndiye kuti wamukana. M'Baibulo muli acinyamata aŵili amene anakhala m'nyumba za mafumu acilendo. Danieli anapitiliza kupemphela mazenela ali otsegula ngakhale lamulo litaletsa. Estere, pomvela Moredekai, anakhala nthawi osaulula mtundu wake, ndipo anauulula pamene moyo wa anthu ake unali pangozi. Onse aŵili timawaŵelengela pakati pa okhulupilika. Mwana amene wasankha kulemba za nkhuku zimene anaŵeta kuti apeze ndalama za mayeso, kapena za pampu ya dzuŵa imene anakonza kumudzi, sanakane aliyense. Kukana kumayamba pamene walemba kuti anasiya mpingo kuti aoneke wamakono, pamene Sondo lililonse timamuona pa benchi ya kwaya.

Nkhani ya mwana wamkazi

Kwa atsikana athu ambili, kukhala mkazi ndi mbali yeniyeni ya ulendo wao wa sukulu. Mu 1997 boma linayamba kulola mtsikana amene anatenga mimba kubwelela kusukulu akabeleka. Mu January 2022 maphunzilo anakhala aulele mpaka Giledi 12. Kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati uliwonse wa mwana wosafika zaka 18, ngakhale wa cikhalidwe, ukhale wosavomelezeka. Malamulo amenewa anabwela cifukwa mavutowo alikodi. Mtsikana amene anabwelela m'kalasi mwana ali kumbuyo, kapena amene anakana kukwatiwa ali mu Giledi 9, ali ndi nkhani yoona, ndipo ndi yake. Makoleji a akazi okhaokha monga Wellesley, Smith, Mount Holyoke ndi Spelman ya ku Atlanta amafuna kumva mmene mtsikana amaonela malo ake m'dziko.

Koma mtsikana asakakamizidwe kugulitsa cilonda cake. Ngati safuna kuti anthu acilendo adziŵe zimene zinamucitikila, ali ndi ufulu wolemba za masamu amene amakonda. Akumbukilenso kuti atate, amalume ndi azakhali amene wawachula m'nkhaniyo sadzakhalapo kuti adziyankhile, conco awalembe mwacilungamo. Ndipo mtsikana amene anakulila m'nyumba yabwino ku Woodlands asabweleke nkhani ya msuweni wake wa kumudzi. Oŵelenga aŵelenga nkhani zambili za umphawi wa mu Africa zolembedwa mofanana, ndipo yobweleka imadziŵika. Anyamata naonso ali ndi zokamba. Mnyamata amene anaphunzila kuphika nsima ndi kucapila ang'ono ake pamene amai anali m'cipatala waphunzila kanthu pa za umuna kamene anzake sanaphunzile.

Funso limene silifika kwa abusa

Fomu ya Common App imafunsa ngati wofunsila ndi mwamuna kapena mkazi mogwilizana ndi zikalata zake za boma, ndipo kuyambila mu 2023 inawonjezela cilembo ca X kwa amene zikalata zao zili conco. Mwana wa ku Zambia alembe zimene zili pa pasipoti ndi pa NRC yake. Mafunso ena, okhudza mmene amadzionela ndi mmene afuna kuti anthu azimuchulila, ndi osakakamiza. Angawasiye osayankha. Makolo asacite mantha powaona, pakuti kudzaza fomu sikutanthauza kuvomeleza ciphunzitso ciliconse.

Ciphunzitso ca mipingo yathu pa nkhaniyi n'codziŵika, cakuti Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, ndipo sitili kucisintha m'nkhani ino. Koma tinganame ngati tikamba kuti pa mabenchi athu palibe mwana amene amavutika mumtima ndi mafunso amenewa. Kwa mwana wotele, nkhani yopita kutali imaoneka monga malo oyamba okambilapo cimene sanauzepo munthu. Asanatelo, adziŵe bwino zimene zili patsogolo pake. Nkhaniyo kaŵilikaŵili imadutsa m'manja mwa mphunzitsi kapena munthu womuthandiza Cizungu. Imatsala m'foni imene a m'nyumba amabwelekana. Gawo 155 la malamulo a milandu a dziko lathu limapeleka cilango ca zaka zosacepela 15 pa kugonana kwa amuna okhaokha. Mu 2019 amuna aŵili a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15. Kazembe wa America, Daniel Foote, anadzudzula cigamuloco ndipo anabwezedwa kwao, ndipo amunawo anakhululukidwa ndi Pulezidenti Edgar Lungu mu May 2020. Lamulolo limakamba za zocita, silikamba za zimene munthu amamva mumtima, koma mphekesela za m'komboni siziŵelenga malamulo. Ndiponso malo ndi thandizo la ndalama n'zocepa poyelekezela ndi ofunsila. Mwana angaulule zonse, yankho n'kubwela lokana, iye akali m'nyumba yomweyo.

Ku America nakonso kulibe yankho limodzi. Mount Holyoke inalengeza mu 2014 kuti idzalandila amene anabadwa amuna koma amadziona akazi. Sweet Briar College ku Virginia inalengeza mu 2024 kuti idzalandila obadwa akazi cabe. Boma la pakati linatenga mbali yake mu January 2025. Amene auza mwana kuti kukamba zimenezi ndi kiyi yotsegula zitseko zonse akumunamiza.

Funso lalikulu apa labwelela kwa ife. Ngati mwana wathu aona kuti n'kosavuta kuuza munthu wosamudziŵa wa ku Massachusetts kusiyana ndi kuuza amai ake kapena abusa ake, tidzifunse kuti wamva ciani m'nyumba zathu ndi pa maguwa athu. Kholo limene lapeza zotele m'foni ya mwana lisamumenye kapena kumupilikitsa pakhomo, ndipo nkhaniyo isalengezedwe mumpingo. Likhale naye pansi ndi kumumvela mpaka atsilize kukamba. Tingasunge ciphunzitso cathu popanda kutaya mwana wathu mumsewu.

Bodza lopezela malo

Pali anthu amene amalipilitsa makolo ndalama zambili kuti alembele mwana nkhani, ndipo ena amalangiza mwana kudzicha cimene sali: kuti ndi wozunzidwa cifukwa ca cipembedzo, kapena kuti makolo ndi mpingo anamupilikitsa cifukwa ca mmene amadzionela. Asanatumize fomu, wofunsila amavomela kuti zonse walembazo n'zoona ndipo ndi nchito yake. Common App imaona monga cinyengo nkhani yolembedwa ndi munthu wina kapena ndi mapulogalamu a pa kompyuta monga ChatGPT. Koleji ingalande malo ngakhale mwana atafika kale, ndipo malo akapita, cilolezo cokhalila m'dzikolo monga wophunzila cimapita nao.

Ngakhale bodzalo litapanda kugwidwa, kwa ife Akhristu ndi umboni wonama. Mwana wanamizila amai amene anagulitsa tomato pamsika kuti iye aphunzile, ndipo wanamizila mpingo umene unamubatiza. Wapangitsanso kuti mwana wina amene akuvutikadi asakhulupililidwe maŵa. Kenaka afunika kukhala zaka zinai ali kuseŵela munthu amene anamupeka.

Koleji imaŵelenga nkhani, ofesi ya kazembe imaŵelenga Facebook

Kupeza malo si mapeto, cifukwa patsala viza. Kuyambila mu 2019 fomu ya viza ya America imafunsa maina amene munthu wagwilitsila nchito pa malo ocezela a pa intaneti zaka 5 zapita. Pa 18 June 2025 boma la America linalengeza kuti ofunsila viza ya ophunzila afunika kutsegula masamba ao kuti aofesi aone zonse zimene analembapo. Makoleji naonso amacitapo kanthu akamva. Mu 2017 Harvard inalanda malo kwa ana osacepela 10 cifukwa ca nthabwala zonyoza mitundu ina zimene anali kutumizilana pa Facebook. Akale anati ukayenda uzisiya phazi, pakuti ukasiya mlomo udzakutsogolela. Mwana amene m'nkhani yake walemba za cikondi ca Khristu, koma pa TikTok amatukwana Asilamu, Ayuda kapena anthu amene sagwilizana ndi moyo wao, wadzitsutsa yekha.

Tionenso kuti khomo la ku America likucepa. Pa 20 August 2025, nzika za Zambia ndi Malawi zofuna viza yokaceza zinayamba kuuzidwa kusiya cikole ca madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Lamulo limeneli silinakhudze viza ya ophunzila, koma linakhudza kholo lofuna kukaona mwana. Conco mwana asaleke kufunsila malo pa mayunivesiti a kuno kwathu. Amene ayang'ana ku Britain adziŵe kuti fomu ya kumeneko ya UCAS inasintha mu 2025. Tsopano ili ndi mafunso atatu okhudza maphunzilo amene munthu afuna ndi mmene wakonzekela, m'zilembo zosapitilila 4,000. Kumeneko za cipembedzo zimaloŵa pokhapo ngati zikhudza maphunzilowo.

Mbali yathu monga mpingo

Makolo asalipile munthu wolembela mwana nkhani. Ofesi ya EducationUSA ku Lusaka, imene ili pansi pa ofesi ya kazembe wa America, imapeleka malangizo kwaulele. M'mipingo yathu muli aphunzitsi a Cizungu, opuma pa nchito ndi amene akali kuphunzitsa, amene angakhale ndi ana amenewa masana a Ciŵelu m'milungu yatsalayi. Nchito yao ikhale kufunsa mafunso monga akuti, "Nanga pambuyo pake cinacitika n'ciani? Unamva bwanji? Unacitapo ciani?" Colembela cikhale m'dzanja la mwana.

Kholo limene lifuna kuŵelenga lipemphe, lisalande foni. Likapeza ndime imene yalikhumudwitsa, lifunse coyamba ngati ndi yoona. Abusa akapemphedwa kuŵelenga, asaŵelenge kuti dzina la Mulungu lachulidwa kangati. Aone ngati mwana amene ali papepalapo ndi yemweyo amene amamudziŵa.

Kwa inu ana athu amene muli kulemba, musanatumize, pezani munthu mmodzi amene wakudziŵani kuyambila muli ku Sande Sukulu ndipo mumamukhulupilila, mumuŵelengele nkhani yanu mokweza. Ngati pali ndime imene mwaidumpha poŵelenga, imani pamenepo ndi kudzifunsa cifukwa cake. Ngati mwaidumpha cifukwa si yoona, icotseni. Ngati ndi yoona koma simunakonzeke kuti idziŵike, isungeni, pakuti palibe koleji imene ingakukakamizeni kuiulula. Ndipo ngati womvelayo wakamba pamapeto kuti, "Uyu ndiwedi," tumizani. Sondo lino tipempha mipingo yonse kukumbukila m'mapemphelo ana amene ali kulemba mayeso a Giledi 12, pamodzi ndi amene ali kulemba mau 650 usiku.